Kukulitsa mitsempha ya m'khosi kapena mankhwala? Kuyerekeza njira kwa odwala multiple sclerosis ku Lilongwe

Banja likangouzidwa kuti m'bale wawo ali ndi multiple sclerosis, imene ambiri amangoti MS, usiku womwewo wina amakhala atayamba kale kufufuza pafoni. Sapita patali asanakumane ndi mavidiyo a anthu akudzuka pachikuku n'kuyenda, akunena kuti madokotala awatsegula mitsempha ya magazi ya m'khosi imene inali yotsekeka. Ambiri mwa mavidiyo amenewa ndi a cha m'ma 2010, koma akuzungulirabe pa Facebook ndi pa WhatsApp ngati ndi adzulo. Pakapita sabata, akuluakulu akhala pansi ndipo nkhani yafika pogulitsa puloti kapena galimoto kuti wodwala akwere ndege. Ndikulembera banja limene lafika pamenepa. Maganizo anga ndawaika poyera kuyambira pano: ndalama imeneyo isapite ku opaleshoni ya mitsempha. Koma simukuyenera kungondikhulupirira, n'chifukwa chake njira zonse ndaziika pamlingo umodzi.

Mu MS, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga myelin, chikuto chimene chimakuta mitsempha yotumiza mauthenga mu ubongo, m'maso ndi mumsana. Zili ngati waya wamagetsi amene khoswe wateketa pulasitiki yake: moto umafika mwa apo ndi apo, nthawi zina osafika n'komwe. Ndiye munthu amaona mwachimbuuzi diso limodzi, mwendo umachita dzanzi, amadzandira ngati waledzera, mkodzo umamuvuta kugwira, ndipo amatopa kutopa kosatha ndi tulo. Matendawa amakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo akazi amawadwala kawiri kuposa amuna. Mu 2020 padziko lonse panali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni odwala MS.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Funso loyamba si la mankhwala ayi. Ndi lakuti: kodi ndi MS ndithu? Kuno kwathu matendawa sapezekapezeka ngati ku Ulaya kapena ku Canada, pomwe matenda ena ofanana nawo ali mbwee. TB imagwira msana. Likodzo limene munthu analitenga posamba ku Senga Bay kapena kudambo lakumudzi litha kuikira mazira mumsana mpaka kupuwalitsa miyendo, ndipo ili lili ndi mankhwala ake otchipa, praziquantel. Palinso HIV, chindoko, kuchepa kwa vitamini B12, ndi matenda otchedwa NMOSD amene amagwira maso ndi msana mwankhanza ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuyerekeza ndi azungu. NMOSD ndi yofunika kuitchula kwa dokotala chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, amaikulitsa. Imadziwika poyeza magazi kufufuza asilikali a m'thupi (ma antibody) olimbana ndi puloteni yotchedwa aquaporin-4. Choncho kujambula ubongo ndi msana ndi makina oona m'kati mwa thupi otchedwa MRI, kuyeza madzi a mumsana ndi kuyeza magazi ndi zimene ziyenera kudya ndalama zoyamba. MRI yoyamba m'dziko muno inaikidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008, ndipo mabanja ambiri a m'chigawo chapakati akhala akuyenda makilomita opitirira 300 amenewo kukajambulitsa. Musanakwere basi, funsani ku Kamuzu Central Hospital kumene makina akugwira ntchito mwezi umenewo.

Matenda akatsimikizika, njira iliyonse muifunse zinthu izi. Kodi inayesedwa poyerekeza ndi anthu amene sanailandire, odwala asakudziwa kuti ali gulu liti? Izi n'zofunika kwambiri pa MS chifukwa matendawa amabwera n'kupita okha. Munthu amene diso linachita mdima mu Malichi akhoza kumaona bwino mu Meyi popanda kumwa kanthu, ndipo chilichonse chimene anachita mu Epulo chidzatamandidwa. Kenako mtengo, osati wa tsiku limodzi koma wa zaka zisanu. Kenako kupezeka kwake kwa munthu wokhala ku Area 25 kapena ku Kawale. Kenako zimene zimafunika kuchita mukabwerera kunyumba. Pomaliza zoopsa zake, komanso amene adzakuthandizeni zikavuta usiku.

Njira yoyamba: kukulitsa mitsempha ya magazi ndi baluni

Ganizoli linatchuka mu 2009 kuchokera kwa Paolo Zamboni, dokotala wa mitsempha ya magazi pa yunivesite ya Ferrara ku Italy. Iye ankati mwa odwala MS, mitsempha yotsitsa magazi kuchokera mu ubongo, makamaka iwiri ya m'khosi yotchedwa jugular ndi wina wa m'chifuwa wotchedwa azygos, imakhala yopanikizika. Magazi amachedwa kutsika, ayironi amaunjikana mu ubongo, ndipo kutupa kumayambira pamenepo. Vutoli analitcha CCSVI. Chithandizo chake chinali kulowetsa kachubu kakang'ono kudzera mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukhosi, n'kupopa kabaluni kuti malo opanikizikawo atanuke. Anayesa pa odwala 65 ndipo ananena kuti ambiri anapeza bwino. Wailesi yakanema ya ku Canada itaulutsa nkhaniyi mu Novembala 2009, anthu zikwizikwi anayamba ulendo wa ku Poland, Bulgaria, India ndi Costa Rica.

Sindikumuona Zamboni ngati wakuba. Mkazi wake ankadwala MS, ndipo anali kufuna yankho ngati mmene inu mukulifunira. Koma kafukufuku wake woyamba analibe gulu loyerekezera, ndipo wotsatira wake anagwetsa ganizoli. Mu 2013 akatswiri a ku Canada anajambula mitsempha ya anthu 177, ena odwala MS, ena abale awo, ena osadwala konse. Mtsempha wopanikizika kupitirira theka unapezeka mwa 74 pa 100 alionse odwala MS, komanso mwa 70 pa 100 alionse amene alibe matendawa. Kunena kwina, mukapita nonse apabanja kukajambulitsa khosi, ambiri mudzauzidwa kuti mitsempha yanu ndi yopanikizika, ngakhale malume amene sanagonepo m'chipatala. Umu ndi mmene thupi la munthu lilili.

Kenako Zamboni mwiniwake anatsogolera kafukufuku wotchedwa Brave Dreams, wa odwala 115. Ena anawapopa baluni, ena anangowalowetsa kachubu osachita kanthu, ndipo palibe wodwala ankadziwa gulu lake. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2017: kuyenda, kuona, kugwira mkodzo, mabala atsopano pa MRI, panalibe phindu lotsimikizika, ndipo olembawo anati njirayi isalimbikitsidwe kwa odwala MS. Kafukufuku wina wa ku Canada wa anthu 104, amene anasindikizidwa mu 2018, anapeza zomwezo.

*Mtengo.* Pa nthawi imene njirayi inali pakamwa pa aliyense, anthu ankalipira madola zikwi zingapo, ena kupitirira 10,000. Onjezani matikiti a wodwala ndi gadiyani, viza, malo ogona, zonse m'ndalama zakunja zimene kubanki n'zosowa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye chiwerengero chilichonse chimene mwachiona pa tsamba lakale muchiwerengerenso.

*Kupezeka.* Zipatala zodalirika zinasiya kuchita opaleshoniyi kwa odwala MS. Zotsala ndi zapulayiveti zakunja, ndipo zina zinangosintha dzina. Mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza za njira yotchedwa TVAM, imene ndi baluni yomweyo m'mitsempha yomweyo.

*Chisamaliro chopitirira.* Mtsempha wotanulidwa umabwerera. Mu kafukufuku woyamba uja wa Zamboni, pafupifupi theka la mitsempha ya m'khosi inapanikizikanso pasanathe chaka ndi theka. Ndiye amakuuzani kuti mubwerenso. Akakuikani stent, kachubu kachitsulo kotsala mumtsempha, mumafunika mankhwala oletsa magazi kuundana ndi kuyezedwa pafupipafupi, pamene dokotala amene anakaikayo ali kutsidya la nyanja.

*Zoopsa.* Kunena chilungamo, baluni yokha yopanda stent sinavulaze anthu kwambiri mu Brave Dreams. Koma kunja kwa kafukufuku zachitika zoopsa. Ku Stanford ku America mu 2009 wodwala mmodzi anamwalira magazi atatayikira mu ubongo ali pa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, ndipo wina stent inasuntha n'kukalowa mumtima mpaka anachita kumung'amba pachifuwa. Mu Meyi 2012 FDA inatulutsa chenjezo lotchula imfa, sitiroko, magazi kuundana ndi kuvulala kwa mitsempha. Choopsa china sichilembedwa pa fomu ya chilolezo: munthu amasiya mankhwala enieni poganiza kuti wachira, matenda akupitiriza kudya mwakachetechete.

Njira yachiwiri: mankhwala ogonetsa matenda

Awa sachiza MS, ndipo sabwezeretsa zimene zinaonongeka kale. Ntchito yawo ndi kuchepetsa kudzuka kwa matenda ndi mabala atsopano mu ubongo, kuti mwendo umene ukuyenda lero uziyendabe pakapita zaka khumi. Amathandiza kwambiri akayambidwa msanga, mwa amene matenda awo amabwera n'kupita. Mu Julayi 2023 bungwe la WHO linaika koyamba mankhwala a MS pa mndandanda wa mankhwala ofunikira: rituximab, glatiramer acetate ndi cladribine. Kulembedwa pamndandandawo sikutanthauza kuti ali pashelefu ku famase ya boma, koma kumamupatsa dokotala wanu poyambira akamapempha.

Pa atatuwa, amene ndikuona kuti akugwirizana ndi moyo wa ku Lilongwe ndi rituximab. Amaperekedwa pa dilipi kwa maola angapo, kawirikawiri kamodzi pa miyezi 6. Mu kafukufuku wa ku Sweden amene anatuluka mu 2022, wa odwala 200, matenda anadzuka mwa 3 pa 100 alionse olandira rituximab pa zaka ziwiri, poyerekeza ndi 16 pa 100 alionse omwa mankhwala ena a MS otchedwa dimethyl fumarate. Amagwiranso ntchito pa NMOSD, chimene n'chotonthoza pamene madokotala akukayikirabe pakati pa matenda awiriwa.

*Mtengo.* Ndi wokwera, ndipo ndi wobwerezabwereza. Rituximab watsika mtengo chifukwa makampani angapo, ena a ku India, amapanga mitundu yofanana naye. Cladribine ndi wodula kwambiri. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina ya kuntchito, pemphani yankho lolembedwa musanayambe, popeza rituximab analembetsedwa ngati mankhwala a khansa ndi nyamakazi, ndipo osunga ndalama za sikimu akhoza kufunsa chifukwa chake akuperekedwa kwa wodwala MS. Kalata ya dokotala yotchula mndandanda wa WHO wa 2023 imathandiza pamenepa.

*Kupezeka.* Rituximab si mlendo mumzinda uno. Anayesedwa pa odwala khansa ya lymphoma ku Kamuzu Central Hospital ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2021, kutanthauza kuti manesi odziwa kuika dilipi imeneyi ndi kuyang'anira wodwala alipo. Vuto ndi kuwapeza mankhwalawo. Nthawi zambiri banja limayenera kuitanitsa kudzera ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala m'dziko muno. Musagule botolo kwa munthu wobwera nalo m'chikwama kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Mankhwalawa amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 ulendo wonse, ndipo amene afundapo m'basi simungawazindikire ndi maso.

*Chisamaliro chopitirira.* Apa ndi pamene atatuwa amasiyana kwambiri. Rituximab amafuna masiku awiri kapena atatu a kuchipatala pachaka, kuphatikizapo kuyeza magazi. Glatiramer ndi jakisoni wodzibaya wekha pansi pa khungu, tsiku lililonse kapena katatu pasabata, ndipo amakhala mufiriji. Amapirira kunja kwa firiji mpaka mwezi umodzi ngati kutentha sikupitirira madigiri 25, koma m'nyumba yamalata mu Okutobala magetsi atazima tsiku lonse, malire amenewo amadutsidwa dzuwa lisanafike pamutu. Cladribine ndi mapiritsi omwa masiku osapitirira 20 pa zaka ziwiri, basi, ndipo safuna firiji.

*Zoopsa.* Rituximab ndi cladribine amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo kuno zimenezi si nkhani yaing'ono. Musanayambe muyezetse hepatitis B, HIV ndi TB. Hepatitis B yogona m'chiwindi imatha kudzuka munthu akalandira rituximab mpaka kupha, koma ikadziwika pali mapiritsi oiteteza. Dokotala amene akufuna kuika dilipi osayeza zimenezi mumufunse mwaulemu kuti, "Adokotala, nanga magazi a chiwindi aja tiyeza liti?" Safunsa anadya phula. Cladribine saperekedwa kwa amene ali ndi HIV, TB yoyaka kapena woyembekezera, amatha kudzutsa mashingozi, ndipo mwamuna kapena mkazi ayenera kulera mpaka miyezi 6 atamwa piritsi lomaliza. Glatiramer ndi wofatsa pa onse: khungu limatupa kapena kulowa m'kati pobayapo, nthawi zina chifuwa chimathina kwa mphindi zochepa. Koma mphamvu yakenso ndi yochepa, amachepetsa kudzuka kwa matenda ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu.

Njira yachitatu: ma steroid matenda akadzuka

Iyi si yosankha m'malo mwa yachiwiri. Ndi ya pamene chizindikiro chatsopano chakhala kupitirira maola 24 popanda kutentha thupi, monga diso kuchita mdima kapena mwendo kukana. Kawirikawiri amapereka methylprednisolone, mmodzi mwa ma steroid amene ndi mankhwala ochepetsa kutupa, galamu imodzi patsiku pa dilipi kwa masiku 3 mpaka 5, kapena mapiritsi a mlingo waukulu.

*Mtengo* ndi wotsika poyerekeza ndi zonse za pamwambazi, ndipo m'chipatala cha boma akakhalapo simulipira. *Kupezeka* kwake n'kosavuta kwenikweni m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mafamase a mumzinda. *Chisamaliro chopitirira* n'chochepa, kupatula kuyeza shuga ndi BP masiku amenewo.

*Zoopsa* zili pawiri. Malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo amabweretsa zizindikiro zakale ngati kuti MS yadzuka, choncho ayambe ayeza malungo ndi mkodzo. Chachiwiri ndi chizolowezi chogula prednisolone n'kumamwa miyezi chifukwa amapepukitsa thupi. Ma steroid amafulumizitsa kuchira kwa nthawi imeneyo koma sasintha kumene matenda akulowera, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa, kukweza shuga, kutupitsa nkhope ndi kutsegulira TB khomo.

Njira yachinayi: mafizo ndi kusamalira mitsempha ya magazi m'njira yotsimikizika

Mitsempha ya magazi ili ndi gawo lake pa MS, kungoti si gawo limene amalonda a baluni amanena. Odwala MS amene alinso ndi BP, shuga kapena mafuta ambiri m'magazi amafulumira kulumala kuposa anzawo, ndipo fodya amathamangitsa matendawa. Kusiya kusuta ndi kumwa mankhwala a BP mokhulupirika ndiye chithandizo cha mitsempha chimene ndingakulimbikitseni ndi mtima wonse. Ngakhale apa tisapitirire malire. Simvastatin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, anayesedwa ku Britain pa odwala oposa 900 a MS yomangokulirakulira, ndipo zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti sachedwetsa kulumala. Imwani ngati mtima wanu ukuwafuna, osati chifukwa cha MS.

Palinso vuto lenileni la mitsempha loyenera kuliopa. Munthu wokhala pachikuku kapena pabedi tsiku lonse magazi amatha kuundana m'mwendo. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musausisite. Apa ndi pamene mankhwala oletsa magazi kuundana ali ndi ntchito.

*Mtengo.* Chimene chimadya ndalama ndi mayendedwe. Wodwala amene sangakwere minibasi kapena kabaza amafuna takisi kupita ndi kubwera. N'chifukwa chake gadiyani azilowa nawo m'chipinda cha mafizo, aphunzire mmene amawongolera bondo ndi kupinda phazi, ajambule pafoni ngati aloledwa, kuti ntchito yambiri izichitikira pakhomo.

*Kupezeka.* Kamuzu Central Hospital ili ndi gawo la mafizo, ndipo bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene akuluakulu amalidziwa kuti MAP, lakhala likuthandiza ndi mafizo, ndodo ndi zikuku kwa zaka zambiri. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre kumene odwala amagonekedwa.

*Chisamaliro chopitirira.* Ndi cha tsiku lililonse, ndipo mdani wake wamkulu ku Lilongwe ndi kutentha. Thupi likatentha, mitsempha yoonongeka imalephera kutumiza mauthenga, ndiye mu Okutobala ndi Novembala wodwala amene m'mawa anayenda yekha kupita kubafa, pofika 2 koloko masana akukoka mwendo ndipo maso achita chifunga. Si kuti matenda akula ayi. Akazizidwa zimabwerera. Mafizo achitike m'mamawa kusanatenthe, madzi osamba akhale ozizira kapena ofunda pang'ono, chitenje chonyowa chikhale pakhosi, ndipo ntchito ya pambaula masana aigwire wina. Achibale amene amanena kuti "m'mawa anali bwinobwino, akuchita dala ameneyu" afotokozereni zimenezi, chifukwa mawu oterewa amapweteka kuposa mwendo.

*Zoopsa.* N'zochepa: kugwa, ndi kudzitopetsa mopitirira. Koma mafizo okha saletsa mabala atsopano mu ubongo.

Za mankhwala azitsamba "otsuka magazi" ndi zipatala zakunja zobaya ma stem cell, maselo amene amabala maselo ena m'thupi, kwa aliyense wolipira ndingonena mwachidule kuti zilibe umboni. Chithandizo chenicheni cha ma stem cell, chotchedwa AHSCT, chilipo ndipo chimagwira ntchito mwa ena, koma chimayamba ndi chemotherapy, mankhwala amphamvu onga a khansa, chimafuna masabata m'chipatala chapadera, ndipo ena amafa nacho.

Njira iti kwa ndani

Ngati MRI sinachitike, kapena inachitika ya ubongo wokha pamene vuto lili m'miyendo, musagule mankhwala alionse odula. Ndalama ipite ku MRI ya msana, kuyeza aquaporin-4, HIV, chindoko, B12, TB ndi likodzo, ndi kukaonana ndi dokotala wa ubongo ndi mitsempha ngakhale zitafuna ulendo wa ku Blantyre.

Ngati ndi MS yotsimikizika ndipo yadzuka kamodzi kapena kawiri chaka chathachi, kambiranani za rituximab. Werengerani ndalama za madilipi a zaka zingapo musanalandire yoyamba, ndipo achibale a kunja amene akufuna kuthandiza apatsidwe ntchito imeneyi m'malo mwa tikiti ya ndege.

Mayi amene akufuna mwana posachedwa asayandikire cladribine. Glatiramer ndi amene amadziwika kuti ndi wofatsa pa mimba, ngati pali firiji yodalirika kapena sola. Ena amalandira rituximab n'kudikira miyezi ingapo asanatenge pakati, ndipo nthawi yake aikonze ndi dokotala.

Amene ali ndi HIV kapena hepatitis B sanatsekeredwe khomo, koma dokotala wa ma ARV kapena wa chiwindi akhale nawo pa chisankho, ndipo cladribine achotsedwe pamndandanda.

Amene matenda awo akungokulirakulira kwa zaka popanda kudzuka, ndipo MRI sikuonetsa mabala atsopano, mankhwala odula aja amawathandiza pang'ono. Kwa iwo ndalama imagwira ntchito yooneka ikagula chikuku chabwino, matiresi oteteza zilonda, chitsulo chogwirira kubafa, mankhwala ofewetsa minofu monga baclofen, ndi kulipira wa mafizo wobwera pakhomo.

Amene anapita kale kunja n'kuikidwa stent asasiye mankhwala oletsa magazi kuundana paokha. Atenge mapepala onse a opaleshoniyo apite nawo kwa dokotala kuno, khosi lijambulidwe, ndipo nkhani ya mankhwala a MS iyambike pamene inalekezera. Ndipo ngati wina wakutumizirani kale fomu ya chipatala cha kunja ndi nambala ya akaunti yolipirira dipoziti, mufunseni dzina la kafukufuku mmodzi woyerekeza magulu awiri amene anapeza kuti baluni imathandiza MS, kenako yankho lakelo mukalionetse dokotala wanu ndalama isanachoke.